Momwe mungadziwire ngati masheya anu akupambana msika kapena akungotengeka nawo

M'chaka cha 2023 msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange (MSE) unakwera ndi 78.85 peresenti. Mu 2024 unakweranso ndi 55.06 peresenti. Pa zaka zoterezi anthu ambiri amene ali ndi masheya amaona phindu, ngakhale amene anagula pongomvera za m'maluwa pa gulu la WhatsApp. Choncho kungoona kuti ndalama zanu zakula sikukuuzani ngati munasankha bwino. Mlimi amene wakolola matumba 20 amasangalala mpaka atamva kuti anzake oyandikana naye munda, pa dothi lomwelo ndi mvula yomweyo, akolola matumba 35. Chimene mukufuna kudziwa ndi choti ndalama zanuzo zikanakhala zingati lero zikanati zayenda limodzi ndi msika wonse. Kuwerengera kwake sikufuna sukulu yapamwamba. Kumafuna kope kapena Excel, ndi kuona mtima polemba.

Yambani ndi mapepala

Nthawi iliyonse mukagula kapena kugulitsa masheya, broker wanu, kampani imene imakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, amakupatsani pepala lotchedwa contract note. Kaya muli ku Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital, pepalali limaonetsa tsiku, kampani, chiwerengero cha masheya, mtengo wa sheya imodzi ndi zonse zimene anadula. Sonkhanitsani mapepala onsewa, ndipo ngati ena anasowa pemphani broker akutumizireni ena. Pemphaninso sitetimenti ya akaunti yanu ya CSD, malo amene masheya amasungidwa pakompyuta, kuti mutsimikize kuti chiwerengero chimene muli nacho m'mutu ndi chomwenso chalembedwa kumeneko.

Kenako jambulani mizere m'kope kapena mu Excel kapena Google Sheets. Pa kugula kulikonse lembani tsiku, dzina la kampani, masheya angati, ndi ndalama yonse imene inatuluka m'thumba mwanu. Ndikutsindika mawu akuti yonse. Ambiri amalemba mtengo wa sheya kuchulukitsa ndi chiwerengero basi, n'kuiwala komishoni ya broker ndi misonkho. Tengani nambala ya pansi penipeni pa contract note. Pogulitsanso lembani imene inalowadi mu akaunti yanu, osati ya pamwamba. Siyani mzere umodzi wopanda kanthu kumapeto, chifukwa mudzalembamo mulingo wa msika pa tsikulo.

Sankhani muyeso woyenera

Msika wathu, umene uli ku Blantyre ndipo unayamba malonda mu November 1996 ndi kampani ya NICO, uli ndi miyeso itatu. MASI ndiye imaphatikiza makampani onse. DSI imatenga makampani a m'dziko muno okha, monga National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Airtel, TNM, Illovo, Press Corporation ndi Sunbird. FSI ndi ya makampani olembetsedwa kunja, omwe ndi FMB Capital Holdings ndi Old Mutual.

Kwa anthu ambiri MASI ndi yokwanira, komanso ndiyo imatchulidwa kwambiri m'nyuzipepala. Koma ngati mulibe ndipo simukufuna kukhala ndi masheya a FMB Capital kapena Old Mutual, lembaninso DSI pambali pake, chifukwa pali nthawi zina pamene kampani imodzi yayikulu ya ku FSI imakoka MASI yonse pomwe makampani a kuno sanasunthe kwambiri. Pa miyeso imeneyi kampani iliyonse imalemera molingana ndi kukula kwake pamsika. Banki yayikulu ikakwera ndi 10 peresenti, MASI imagwedezeka. Kampani yaing'ono ikakwera chimodzimodzi, simuona kusintha kwenikweni. Ngati masheya anu ambiri ali m'mahotela ndi m'makampani a nyumba monga MPICO ndi ICON pamene mabanki ndiwo akuthamanga, mudzatsalira, ndipo chifukwa chake chidzakhala chodziwika.

Chofunika n'kusankha muyeso lero n'kukhala nawo. Kusintha muyeso chaka chilichonse kuti mupeze umene mwaupambana ndi kudzinamiza nokha.

Manambala a miyesoyi amapezeka m'malipoti a tsiku ndi tsiku, a mlungu ndi a mwezi amene MSE imaika pa tsamba lake la pa intaneti. Pa tsiku lililonse limene munagula kapena kugulitsa, fufuzani MASI ya tsikulo n'kuilemba mu mzere munasiya uja. Ngati ya tsiku lenilenilo yavuta kupeza, tengani ya kumapeto kwa mlungu umenewo.

Masheya anu ndi ndalama zingati lero?

Apa mungochulukitsa masheya amene muli nawo ndi mtengo wa lero, kampani ndi kampani, n'kuphatikiza. Koma samalani ndi mtengo umene mukutenga. Msika wathu ndi waung'ono, ndipo masheya a makampani ena amatha masiku osagulitsidwa ndi imodzi yomwe. Mtengo wotsekera umene mukuona ungakhale wa malonda akale, kapena wa masheya ochepa kwambiri. Pa lipoti la tsiku yang'anani mtengo umene ogula akupereka ndiponso kuchuluka kwa masheya amene asinthana manja. Ngati ogulitsa ali mbwee koma wogula palibe, mtengo wolembedwawo simungaupeze mutafuna kugulitsa mawa. Poyerekeza ndi MASI gwiritsani ntchito mtengo wotsekera, popeza MASI nayo imawerengedwa ndi womwewo, koma ikani chizindikiro pa kampani yotereyo kuti muzikumbukira kuti phindu lakelo ndi la papepala.

Ngati munaika ndalama kamodzi kokha

Tiyerekeze kuti kumapeto kwa December 2023 munagula masheya a K1,000,000, zodula zonse zili momwemo. Nthawi imeneyo MASI inali pa 110,951. Pofika kumapeto kwa 2024 inali pa 172,040. Gawani 172,040 ndi 110,951 mupeza 1.55, kutanthauza kuti K1,000,000 yoyenda ndi msika ikanakhala pafupifupi K1,550,600. Ngati masheya anu pa tsiku lomwelo anali a K1,380,000, mwapindula 38 peresenti, zomwe zimamveka bwino mukamauza anzanu, koma msika wakusiyani ndi ndalama zoposa K170,000.

Ngati mumaonjezera pang'onopang'ono

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, ndipo ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ochuluka mwa ife sitiika ndalama kamodzi. Timagula malipiro akatuluka, tikagulitsa fodya kapena soya, kapena chipereganyu chikatigwera. Ndalama imene yalowa mu July siyingayerekezedwe ndi kukwera kwa msika kwa kuyambira January, chifukwa miyezi isanu ndi umodzi yoyambayo inali isanalowe.

Njira yake ndi iyi. Muzichita ngati nthawi iliyonse mukagula masheya enieni, mwagulanso "magawo" a MASI ndi ndalama yomweyo, papepala pokha. Chiwerengero cha magawowo mumachipeza pogawa ndalama yanu ndi mulingo wa MASI wa tsikulo.

Pa chitsanzo chathu chija, K1,000,000 kugawa ndi 110,951 ikupereka magawo 9.013. Tsopano tinene kuti pakati pa chaka munaonjezera K500,000, ndipo tingoyerekeza kuti tsiku limenelo MASI inali pa 125,000. Amenewo ndi magawo 4. Onse pamodzi ndi 13.013. Kumapeto kwa chaka chulukitsani 13.013 ndi 172,040, mupeza pafupifupi K2,238,800. Imeneyi ndiyo nambala imene masheya anu akupikisana nayo.

Taonani chimene chachitika. Munaika K1,500,000 yonse pamodzi. Tinene kuti masheya anu afika pa K2,280,000. Mukawerengera mwachidule mupeza phindu la 52 peresenti, ndipo mukamva pa wailesi kuti msika wakwera ndi 55 peresenti muganiza kuti mwatsalira. Chikhalirecho mwaupambana msika ndi ndalama zoposa K41,000, popeza ndalama zomwezo, zolowa pa masiku omwewo, zikanangopindula 49 peresenti zikanatsata MASI. Zimathekanso mbali inayo. Munthu amene anaika ndalama zambiri msika utatsika pang'ono angadzione ngati katswiri wosankha makampani pomwe chamuthandiza ndi tsiku limene ndalama inapezeka.

Mukagulitsa masheya n'kutulutsa ndalamayo kukagwiritsa ntchito zina, chitani chimodzimodzi mobwerera: gawani ndalama imene mwalandira ndi MASI ya tsikulo, n'kuchotsa magawowo pa amene muli nawo. Koma mukagulitsa kampani ina n'kugula ina ndi ndalama yomweyo, magawo a MASI musawakhudze, chifukwa palibe ndalama yalowa kapena kutuluka. Apa mudzaona chinthu chimene ambiri sachiona: komishoni ndi misonkho ya kugulitsa ndi kugulanso ija idzaonekera ngati kutsalira kwanu, popeza magawo a papepala aja salipira broker. Anthu okonda kudumphadumpha kuchoka kampani ina kupita ina amaphunzira zambiri pa mzere umenewu.

Amene mumagwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets mungaonjezere XIRR. Mumalemba ndalama zonse zolowa ndi chizindikiro chochotsera, zotuluka ndi mtengo wa lero popanda chizindikirocho, pamodzi ndi masiku ake, ndipo imakupatsani phindu la pachaka. Ndi yothandiza mukafuna kuyerekeza ndi chiwongola dzanja cha kubanki.

Dividendi, kugawa masheya ndi rights issue

MASI imatsata mitengo yokha, siwerengera dividendi, gawo la phindu limene kampani imapereka kwa eni masheya. Choncho poyerekeza ndi MASI, dividendi ikhale mu mzere wake padera, apo ayi mudzipatsa chipambano chimene simunachigwirire ntchito. Lembani imene yafikadi mu akaunti yanu atadula kale msonkho. Mukaigwiritsa ntchito kugula masheya ena, itengeni ngati ndalama yatsopano, muguliretu magawo a MASI papepala.

Kampani ikagawa sheya imodzi kukhala zingapo, monga inachitira Standard Bank mu 2025, sinthani chiwerengero cha masheya m'kope mwanu tsiku lomwelo. Mukaiwala, mtengo watsopano wotsikawo udzakuonetsani ngati mwaluza kwambiri pomwe palibe chachoka. Rights issue ndi yosiyana, chifukwa mumatulutsa ndalama kuti mugule masheya owonjezera, monga zinalili ku Blantyre Hotels mu 2024. Imeneyo ilembeni ngati kugula kwina kulikonse.

Miyeso ina iwiri imene simuyenera kuidumpha

Kupambana MASI si mapeto a nkhani, chifukwa ndalama timadyera pamsika wa chimanga ndi mafuta ophikira. National Statistical Office inalengeza kuti pofika mu December 2024 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 28.1 peresenti pa chaka. Tibwerere kwa munthu wa K1,380,000 uja, ndipo tinene kuti analandiranso dividendi ya K40,000. Apa dividendi iwerengedwe: K1,420,000 yonse, phindu la 42 peresenti. Musachotse 28 pa 42. Gawani 1.42 ndi 1.281, mupeza 1.109. Mphamvu yogulira ya ndalama zake yakula ndi pafupifupi 11 peresenti basi.

Yang'ananinso ma Treasury bill, omwe ndi ngongole imene boma limatenga kwa anthu kudzera ku Reserve Bank of Malawi. Mu 2024 a masiku 364 ankapereka 26 peresenti. Masheya amene kwa zaka zingapo akulephera kuposa chiwongola dzanja cha ma Treasury bill akukulipirani zochepa pa chiopsezo chachikulu, ndipo ine ndinganene kuti mpamba wotero wakhala malo olakwika.

Kwa abale athu amene mumatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, onjezerani mzere wa randi kapena mapaundi amene munatumiza pa tsiku logula. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo kukwera kwa MASI kwa 78.85 peresenti chaka chimenecho kunatsala pafupifupi 9 peresenti mukawerengera m'madola. Ngati ndalamazo mudzazidyera kuno kumudzi, muyeso wanu ndi mitengo ya kuno. Ngati mukufuna kudzazibweza kunja, werengerani mu ndalama ya kumeneko.

Muzichita kangati, nanga zotsatira muzitani nazo?

Kamodzi pa mwezi ndi kokwanira, MSE ikatulutsa lipoti la mwezi. Lembani manambala atatu okha pa tsamba lapadera: mtengo wa masheya anu, mtengo wa magawo a MASI aja, ndi kusiyana kwake. Kuyang'ana tsiku ndi tsiku pa msika umene masheya ena amatha mlungu osasuntha kumangokupatsani nkhawa.

Musaweruze ndi mwezi umodzi kapena itatu. Koma mukaona kuti kwa zaka ziwiri kapena zitatu mukutsalirabe, tsegulani kope n'kuchita chiwerengero chomwecho kampani ndi kampani. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi kampani imodzi kapena ziwiri zimene zikukukokerani pansi, kapena kuti makampani akuluakulu amene akunyamula MASI inu mulibemo sheya. Mukadziwa zimenezo, tengani malipoti a pachaka a makampaniwo, muone ngati phindu lawo ndi dividendi zikukula ngakhale mtengo wagona, kapena zonse zagonera limodzi. Mukatero pitani kwa broker ndi tsamba la manambala atatu lija, mumufunse za kampani imeneyo ndi dzina lake, komanso kuti pali ogula angati pa mtengo umene mukufuna kugulitsira.