Kukulunga chipolopolo cha mtovu ndi pepala: malangizo kwa eni mfuti zothirira wonga kukamwa

Mfuti zomwe tikunena pano ndi zija za mpikisano wowombera chandamale patali, zomwe zinatchuka ku Britain m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870: Whitworth, Rigby, Gibbs, ndi zina zomwe makampani monga Pedersoli ndi Parker-Hale anapanga motengera zimenezi. Pa mpikisano wa ku Creedmoor ku America mu 1874, timu ya ku Ireland inagwiritsa ntchito mfuti za Rigby pa mtunda wa mayadi 800, 900 ndi 1,000, ndipo mpaka lero anthu akuwomberabe mfuti zotere pa bwalo lowombera la ku Bisley ku England. Zambiri mwa izo mulifupi mwa mkati mwa mpope wake ndi 0.451 inchi, ndipo chipolopolo chake ndi chachitali, cholemera ma grain 530 kapena kuyandikira apo, omwe ndi magalamu 34.

Tinene msanga kuti malangizowa sakukhudza gogodera wosula pamudzi ndi mpaipi wamba. Mkati mwake mulibe mizere yopotera chipolopolo, choncho pepala silingathandize kanthu, komanso chipolopolo cholemera chonchi chikhoza kuphulitsa mpaipiwo m'manja mwa mwini wake. Mfuti ikhale yopangidwa ku fakitale, yoyesedwa, ndipo mukhale ndi chilolezo cha dziko lomwe mukukhala.

Pepala limagwira ntchito imodzi yaikulu: limalekanitsa mtovu ndi chitsulo, kuti mtovu usamatirire m'mizere ya mpope. Wonga ukaphulika, chipolopolo chofewa chimafupika pang'ono n'kufufuma, pepala n'kulowa m'mizere. Mizereyo imalicheka, ndipo chipolopolo chikangotuluka pakamwa pa mfuti pepala limayoyoka, icho n'kupita chokha. Zonse zomwe muzichita zikuloza pa zinthu ziwiri: chipolopolo chitsike mumpope mosavuta, pepala lichoke lonse pakamwa.

Yambani ndi kuyeza mpope, musanagule chikombole. Muyeso wofunika ndi wa pakati pa mizere yotumphuka, osati wa pansi pa tingalande, chifukwa chipolopolo chimalowera kukamwa ndipo chiyenera kudutsa pamwamba pa mizereyo. Musadalire nambala yolembedwa pa mfuti. Mipope iwiri ya kampani imodzi imatha kusiyana ndi 0.001 inchi, ndipo pa ntchito iyi kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Chipolopolo chokulungidwa kale chichepe ndi 0.001 inchi poyerekeza ndi mpope. Ngati mpope ndi 0.451, mukufuna 0.450. Pepala limazungulira kawiri, kutanthauza kuti pa mulifupi mwa chipolopolo pakuwonjezeka mapepala anayi. Pepala lochindikala 0.002 inchi liwonjezera 0.008, ndiye chikombole chitulutse chipolopolo chosalala, chopanda tingalande ta mafuta, cha 0.442. Yezani ndi micrometer, chida choyezera miyeso ing'onoing'ono kwambiri, rula sangakuthandizeni apa.

Mtovu ukhale wofewa: wopanda chosakaniza, kapena gawo limodzi la chitsulo chofewa chotchedwa tin pa magawo 30 kapena 40 a mtovu. Mtovu wolimba, monga wa tizitsulo tomwe amamangirira ku matayala a galimoto, sufufuma mokwanira. Mpweya wotentha umadutsa m'mbali n'kuwotcha pepala. Wa m'mabatire a galimoto musaukhudze n'komwe, utsi wake ndi poizoni. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327 a Celsius, koma pothira m'chikombole chachikulu chonchi muufikitse pa 380 mpaka 400, chikombole nacho chitenthe, apo ayi chipolopolo chituluka ndi makwinya. Sungunulirani panja kapena podutsa mphepo, valani magalasi ndi magolovesi, ana akhale kutali, ndipo dontho la madzi lisagwere mumphika chifukwa mtovu umathovokera kumaso. Mukatha sambani m'manja musanadye. Zipolopolo zikazizira ziyezeni pa sikelo chimodzichimodzi. Chopepuka kuposa zinzake ndi grain imodzi kapena kuposerapo nthawi zambiri chimakhala ndi mphako mkati. Chibwezereni mumphika, pamodzi ndi chilichonse chomwe m'mphepete mwa tsinde lake simunadzaze bwino.

Pepala labwino ndi lopyapyala, lolimba, lopangidwa ndi thonje, lija amalitcha onion skin. Pepala lonyezimira la magazini lili ndi dothi loyera lomwe limapala mpope, ndipo la nyuzipepala limasungunuka likanyowa. Mukapeza pepala lokuyanjani gulani lambiri nthawi imodzi, chifukwa mukasintha pepala miyeso yonse iyambiranso.

Chigamba, kapepala kokulungira chipolopolo, chimadulidwa mopendeketsa mbali ziwiri zakumapeto, zonse kupendekera kumodzi, pa madigiri 30 mpaka 45. Kupendekako kumathandiza kuti msoko usakhale mzere umodzi wowongoka. Utali wake ndiwo umavuta anthu ambiri. Pa chipolopolo cha 0.442 ndi pepala la 0.002, kuzungulira kawiri ndi mamilimita 71, koma pepala lonyowa limatanuka, ndiye dulani lofupikirapo ndi milimita imodzi, muyese, mukonze. Mapeto a chigamba afike pafupi ndi pomwe chinayambira, osapitirira. Kampata kochepera milimita imodzi sikalakwika. Koma mapeto akakwera pa chiyambi, pamenepo pakhala mapepala atatu, chipolopolo chikhala chopendekera mumpope ndipo chidzauluka mokhota. Mulifupi mwa chigamba muyambire pomwe mutu wa chipolopolo wayamba kuwonda, mutsike mpaka kupitirira tsinde ndi mamilimita atatu kapena anayi. Mukapeza muyeso wabwino sulani chitsanzo cha lata kapena mkuwa, muzidulira pamenepo ndi lezala lakuthwa. Zigamba zonse zidulidwe molunjika kumodzi pa pepala, chifukwa pepala limatanuka mosiyana m'litali ndi m'lifupi.

Pokulunga, viikani chigamba m'madzi oyera, chotsani madzi otsala pochikoka pakati pa zala, chiyaleni pa thabwa losalala kapena pa labala. Lembani mzere pa thabwalo woti muziyikapo mutu wa chipolopolo, kuti pepala lizifika malo amodzi nthawi zonse. Nyamulani nsonga ya chigamba, iyikeni pa chipolopolo, kenako gubuduzani ndi zala mokoka pang'ono kuti pepala likungike. Pepala lotsala kutsinde lipindireni mkati mozungulira, mulisindikize pa thabwa. Ngati tsinde lili ndi kadzenje, potani kamchira n'kukalowetsa m'menemo. Guluu ayi, ngakhale pang'ono. Imikani zipolopolo usiku wonse ziume, pepala lidzakokana n'kugwira lokha. Ena amakulunga pepala louma, ndipo zimatheka, koma kwa woyamba kumene lonyowa ndilo limamvera. Zikauma zidutsitseni mu sizing die, chitsulo chokhala ndi bowo la 0.450, kuti zonse zifanane. Die imeneyi ndi yosalazira chabe: ngati mukuchita kukanikiza mwamphamvu, chikombole kapena pepala lanu lakula.

Pa bwalo lowombera gwiritsani ntchito wonga wakuda wokha, pa muyeso womwe wopanga mfuti analemba. Wonga wopanda utsi wa zipolopolo zamakono umaphulitsa mfuti izi. Thirani wonga kuchokera m'kabotolo koyezeratu, osati m'chitini chachikulu, ikani kachikatoni kozungulira pamwamba pake, mukatsindire. Kenako pukutani mpope ndi kansalu konyowa pang'ono, n'kutsatiza kouma. Kupukuta kumeneku n'kwa kuwombera kulikonse, chifukwa mwaye wa wonga wakuda umauma n'kung'amba pepala potsika. Chipolopolo chitsike ndi kulemera kwa ndodo yotsindira, kapena ndi kukankha kwa chala chimodzi. Lembani chizindikiro pa ndodo kuti muzidziwa kuti chafikadi pa kachikatoni, chifukwa mpata pakati pa wonga ndi chipolopolo umatupitsa mpope. Ndipo poti chimatsika mosavuta, chimathanso kusuntha mukaweramitsa mfuti: ikatero, chotsani kapu yoyatsira wonga, mutsindirenso.

Mukawombera kasanu, bwalo likatsekedwa, pitani mukatole pepala mamita ochepa kutsogolo kwa mfuti. Tizingwe ting'onoting'ono toyera, tochekeka motsata mizere, tikusonyeza kuti zili bwino. Zidutswa zakuda zopserera zikutanthauza kuti mpweya ukudutsa: chipolopolo chachepa, mtovu walimba, kapena kachikatoni sikakutseka. Mukapeza pepala pafupi ndi chandamale, kapena zibowo zina zikugwera pansi kutali ndi zinzake, pepala likukakamira. Kawirikawiri chifukwa chake ndi mafuta omwe alowerera m'pepala, kapena chigamba chakwera kwambiri kumutu komwe mizere siifika. Mtovu ukaoneka pa kansalu kopukutira, ndiye kuti pepala linang'ambikira pakamwa polowetsa, kapena chigamba chafupika ndipo mtovu wa kumutu ukukhudza chitsulo. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, mulembe m'kope muyeso wa pepala, wa die ndi wa mtovu, kenako muwombere kasanu kena musanasinthe china.