Momwe mungalimire mphesa zopanda njere za Crimson Seedless

Crimson Seedless ndi mphesa zofiira, zazitali pang'ono, zolimba bwino ukaluma. Akatswiri a unduna wa zaulimi wa dziko la America anazitulutsa mu 1989 ku Fresno, m'chigawo cha California, ndipo lero zimalimidwa m'mayiko ambiri. Njere zake zimayamba kupangika ndithu, koma zimafera panjira zisanakhwime. Choncho palibe chofesa: mpesa watsopano umachokera ku nthambi ya mpesa wakale.

1. Mbande ndi malo

Gulani mbande kwa opanga mbande odalirika, makamaka zomezanitsa pa tsinde lopirira tizilombo ta m'nthaka todya mizu. Mukafuna kudzipangira, dulani nthambi yokhwima yonenepa ngati pensulo, ya maso atatu kapena anayi, pamene mpesa wayoyola masamba, ndipo muizike m'dothi lonyowa diso limodzi lili kunja.

Malo akhale a dzuwa tsiku lonse, opita mphepo, ndipo madzi asamadikhe. Mpesa umapirira nthaka yosauka, koma mizu ikakhalitsa m'madzi imawola.

2. Kubzala

Siyani mamita awiri ndi theka pakati pa mipesa ndi mamita atatu pakati pa mizere, chifukwa mtundu uwu umakula mwamphamvu. Sakanizani dothi ndi manyowa owolerana, ndipo pomezanitsira pakhale pamwamba pa nthaka. Zikani mitengo ndi kukoka mawaya nthawi yomweyo. Mukadikira mpesa utakula mudzadula mizu pokumba.

3. Zaka ziwiri zoyamba

Sankhani mphukira imodzi yamphamvu, muimangirire ku kamtengo mpaka ifike pa waya, zina zonse muzichotse. Ikafika, itsineni kunsonga kuti itulutse nthambi ziwiri, ina kumanja ina kumanzere. Timatsango tikaoneka m'zaka zimenezi, tichotseni. Zimawawa mtima, koma mpesa wobereka msanga sukhala ndi thunthu lolimba. Zokolola zenizeni ziyembekezeni kuyambira chaka chachitatu.

4. Kudulira

Apa ndi pamene pagona ulimi wonsewu, ndipo ndi pamene ambiri amachita mantha. Mphesa zimabereka pa mphukira zatsopano zotuluka pa nthambi za chaka chatha. Nthambi zakale kuposa pamenepo zimangopereka masamba. Ndiye masamba akayoyoka, pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi a zomwe zinamera chaka chatha ziyenera kupita. Mpesa umatsala ngati mafupa okhaokha, koma musabwerere m'mbuyo.

Crimson Seedless, monganso mtundu wina wopanda njere wotchedwa Thompson Seedless, ili ndi khalidwe lakelake: maso a kutsinde kwa nthambi sabereka kwenikweni. Mukadula mofupikitsa kwambiri mwataya matsango ambiri a chaka chimenecho. Siyani nthambi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi zokhwima bwino, zomwe zinkaombedwa ndi dzuwa, iliyonse ya maso 12 mpaka 15, muzimangirire ku waya. Pafupi ndi iliyonse siyani kachitsa ka maso awiri, komwe kudzachokere nthambi za chaka chamawa.

5. Madzi, chakudya ndi matenda

Thirirani pansi, osati pamasamba, mokwanira koma mwa apo ndi apo. Feteleza wa nayitrojeni musachulutse: masamba amangowirira, mthunzi n'kuchuluka, zipatso osafiira.

Matenda awiri ndiwo amavutitsa. Ena amaoneka ngati ufa woyera pamasamba ndi pazipatso, ndipo mankhwala a salufa amawateteza, koma musapopere dzuwa likuswa mtengo chifukwa amawotcha masamba. Ena amabwera ndi chinyezi, madontho achikasu pamwamba pa tsamba ndi nkhungu yoyera kunsi kwake. Amenewa amafuna mankhwala a kopa. Mankhwala onsewa ndi oteteza, apopereni matenda asanafale.

6. Kupatulira

Zipatso zikangomanga, siyani tsango limodzi pa mphukira iliyonse. Tsango lothinana lichotseni timphesa tina ndi sizasi kuti totsala tikule ndi kupuma. Chotsaninso masamba angapo ozungulira matsango kuti kuwala kulowe. Kumalo otentha mtundu uwu umavuta kufiira, makamaka mpesa ukasenza katundu wopyola mphamvu zake, ndiye matsango ochepa okongola amaposa ambiri otuwa ndi owawasa.

Zikayamba kusintha mtundu, chepetsani madzi pang'ono ndipo muphimbe ndi ukonde, mbalame sizichedwa.

7. Kukolola ndi kudya

Mphesa sizipsa zikathyoledwa, ndipo Crimson Seedless imapsa mochedwa kuposa mitundu yambiri. Kufiira kokha kusakunyengeni. Lawani kamphesa ka kunsonga kwa tsango, komwe kawirikawiri kamatsalira popsa. Kakatsekemera, dulani tsango lonse ndi sizasi m'mawa kukadali kozizira, mutagwira phesi.

Kaufa kotuwa ka pakhungu ndi phula lachilengedwe loteteza chipatso, musakapukute. Sungani m'furiji osatsuka, m'pepala lapulasitiki loboola, ndipo mutsuke zokhazo zomwe mukudya. Zimakoma kwambiri zili zozizira, ndipo zotsala mungaziumitse mufiriza n'kumadya chimodzichimodzi kukatentha. Ana aang'ono muziwadulira mlitali, chifukwa mphesa yathunthu ikhoza kuwatsamwitsa.