Malangizo a kamangidwe ka sikopu pa mfuti ya volovolo yosakira nyama

Malangizo awa ndi a munthu amene wagula kanjanji (kachitsulo ka mipata komangidwa pamwamba pa mfuti) ndi mphete zomangira sikopu (galasi lolunjikira limene limakulitsa chinthu) pa volovolo ya zipolopolo zikuluzikulu, monga .357 Magnum, .44 Magnum kapena .454 Casull. Awerengeni onse musanagwire sikurudiraiva. Pamene pepala la fakitale ya mfuti yanu lakamba zosiyana ndi zili pano, tsatani la fakitale.

Choyamba, mfuti ikhale yopanda kanthu. Tsegulani silinda, chitsulo chozungulira chija chokhala ndi mabowo a zipolopolo, chotsani zipolopolo zonse, yanganani m'bowo lililonse ndi maso anu, ndipo zipolopolozo mukaziike m'chipinda china. Ngati mfuti yanu ndi ya mtundu wa Ruger Super Blackhawk, imene silinda yake situlukira pambali, tsegulani kachitseko kolowetsera zipolopolo ndi kuzungulitsa silinda mpaka mabowo onse mwawaona.

Ku Zambia mfuti imasungidwa ndi layisensi, malinga ndi lamulo la Firearms Act, Chapter 110, koma layisensiyo si chilolezo chosakira. Chilolezo chosakira chimachokera ku Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA (Zambia Wildlife Authority) mu 2016, ngakhale kuti kuchigwa kwa Luangwa ambiri akali kuwatchula a ZAWA. Musanataye ndalama pa galasi, kafunseni ku ofesi yawo ngati chilolezo chanu chilola kusaka ndi mfuti ya m'manja, pa nyama iti, ndi chipolopolo cha saizi yanji. M'mapaki a nyama a South Luangwa, Luambe ndi Lukusuzi simusakidwa konse. Kusaka kwa chilolezo kumachitika m'ma GMA (Game Management Areas), madera ozungulira mapaki, monga Lupande, Lumimba ndi Sandwe.

Kusankha cholunjikira

Si volovolo iliyonse ifunika sikopu. Zolunjikira zachitsulo zimene inabwera nazo, kampata kumbuyo ndi kachitsulo koimirira kutsogolo, sizifuna batire ndipo sizisweka chisawawa. Kwa mlenje wa maso akuthwa amene amayandikira nyama mpaka mamita 30 kapena 40, zimakwana. Vuto lake ndi lakuti diso silingaone bwino zinthu zitatu nthawi imodzi, kampata, kachitsulo ndi nyama. Muyenera kuika diso pa kachitsulo ka kutsogolo, ndipo zaka zikapitirira 40 kachitsuloko kamayamba kuoneka mwachimbuuzi. Ena amasintha kachitsuloko n'kuikapo kokhala ndi kaulusi ka fiber optic, kamene kamawala mofiira kapena mobiriwira ngakhale pamthunzi. Pokonza zolunjikira zotere, kampata ka kumbuyo kasunthidwe kupita komwe mufuna kuti chipolopolo chipite.

Njira yachiwiri ndi red dot, kagalasi koonetsa kadontho kofiira. Sikakulitsa chinthu, mumayangana ndi maso onse awiri, ndipo kadonthoko mumakaona kaya mfuti ili pafupi kapena patali ndi nkhope. Pa njiri yotuluka mwadzidzidzi m'tchire, palibe chofulumira kuposa ichi. Kukula kwa kadontho kumalembedwa mu MOA, ndipo 1 MOA imaphimba pafupifupi masentimita 2.9 pa mtunda wa mamita 100. Kadontho ka 3 MOA kamaphimba masentimita 4 ndi pang'ono pa mamita 50, zimene zili bwino. Ka 6 MOA pa mamita 100 kamaphimba masentimita 17, ndiye kuti pachifuwa pa mbawala pabisika pafupifupi ponse. Kuno kwathu red dot yotsekeka ngati kapaipi ndiyo yabwino, chifukwa yotseguka ija imalowa fumbi ndi madontho a mvula pamene pamatulukira kuwala. Muiyese m'shopu musanalipire. Anthu ena maso awo amaona kadonthoko kophwanyika ngati nyenyezi, ndipo pamenepo cholakwa si galasi.

Yachitatu ndiyo sikopu yeniyeni, ndipo apa m'pamene ambiri amagula chinthu cholakwika. Sikopu ya mfuti yaitali inapangidwa kuti diso likhale masentimita 8 mpaka 10 kuchokera pagalasi. Volovolo imagwiridwa manja atatambasuka, choncho ifunika sikopu yopangidwira mfuti za m'manja, imene chithunzi chake chimaoneka chathunthu diso lili kutali, mwina masentimita 30 mpaka 50. Musamange sikopu ya mfuti yaitali pa volovolo. Kuti muonemo mudzakokera mfuti kumaso, ndipo .44 Magnum ikakankha, mkombero wachitsulo wa sikopu udzakutemani pachikope kapena padiso penipeni.

Pa mphamvu yokulitsa, yochepa ndiyo yothandiza. Sikopu ya 2x, yokulitsa kawiri, imakwanira nyama zambiri zimene munthu angalase ndi volovolo. Pa 4x kunjenjemera kwa manja anu kumaoneka kowirikiza kanayi, malo amene muona amachepa, ndipo mungataye nthawi kufunafuna nyama imene maso anu akuiona poyera. Ngati mwagula yosinthasintha, monga 2-6x kapena 2-7x, iyende nanu ili pa 2, ndipo muikweze pokhapokha mwakhala pansi, mfuti yatsamira pa ndodo. Dziwaninso kuti mfuti yomangidwa sikopu silowanso m'chikwama chake cha m'chiuno. Mudzafunika chikwama cha pachifuwa chophimba ndi tiriga yomwe.

Kanjanji

Yanganani pamwamba pa mfuti yanu. Ruger Super Redhawk ili ndi mipata yosemedwa kale m'chitsulo chake ndipo imalandira mphete za Ruger popanda kanjanji. Taurus Raging Hunter imabwera ndi kanjanji kake. Pa Smith & Wesson 629 zatsopano, mabowo a timabawuti ali pansi pa cholunjikira cha kumbuyo, ndiye muyenera kuchichotsa kaye. Chisungeni m'kabotolo pamodzi ndi timabawuti take, chifukwa tikagwa pansi simudzationanso. Mfuti yakale yopanda mabowo mupite nayo kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka. Owotcherera zitsulo pamsika angadziwe ntchito yawo, koma chitsulo cha pamwamba pa silinda ndicho chimagwira mphamvu ya kuphulika, ndipo bowo lolakwika pamenepo silikonzeka.

Njanji zilipo mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Mipata ya Picatinny ndi yotakata mamilimita 5.2, ya Weaver ndi mamilimita 4.6. Mphete za Weaver zimalowa pa Picatinny, koma za Picatinny nthawi zambiri sizilowa pa Weaver. Mphete zigwirizanenso ndi thunthu la sikopu: pali la inchi imodzi, mamilimita 25.4, ndi la mamilimita 30.

Tsukani mafuta onse m'mabowo, pa timabawuti ndi pansi pa kanjanji ndi sipiriti, ndipo mudikire paume. Mangani kanjanji koyamba popanda mankhwala aliwonse, kenaka tsegulani silinda ndi kupisa chala pansi pa chitsulo cha pamwamba. Kabawuti kalikonse kasatulukire kunsi. Kotalika kamakhula silinda kapena kuimitsa kumene, ndipo m'paketi zina timabawuti timasiyana utali, kakafupi kali ndi bowo lakelake. Mukakhutira, masulani, ikani kadontho kamodzi ka mankhwala ogwira mabawuti a buluu, monga Loctite 243, pa kabawuti kalikonse, ndi kumanganso. Ofiira musasewenzetse, samasuka popanda moto. Guluu wa m'katchubu wa pamsika ayinso. Mankhwalawo apatseni tsiku lathunthu kuti agwire musanaombe.

Mphete ndi sikopu

Mfuti ikalira imalumphira kumbuyo, koma sikopu imafuna kutsala pomwe inali, monga mmene thumba la chimanga limatsalira ng'ombe zikadzidzimutsa ngolo. Choncho pa mfuti sikopu imaseserekera kutsogolo nthawi zonse. N'chifukwa chake poika mbali ya pansi ya mphete pa kanjanji, muikankhire kutsogolo, kuloza kukamwa kwa mpope, mpaka kachitsulo kake kagunde khoma la mpata, ndipo muimange mukali kukankha. Mukasiya kampata kutsogolo, mfuti idzakatseka yokha pang'onopang'ono, ndipo zipolopolo zidzakhala zikusamuka tsiku ndi tsiku. Mphete zitalikirane momwe kanjanji kalolera. Pa .454 Casull, ngati malo alipo, ikani mphete zitatu.

Gonekani sikopu pa mphete, vundikirani mbali za pamwamba, ndi kumanga pang'ono chabe kuti iziseserekabe. Mphete isakhudze pa chotupa cha pakati pamene pali zopotokola zowongolera pogwera chipolopolo, kapena pamene thunthu liyamba kukula. Siyani mamilimita atatu kapena kuposa. Tsopano imirirani, tambasulani manja monga mmene mudzaombere, sikopu ili pa mphamvu yake yapamwamba, ndi kuisuntha mpaka chithunzi chioneke chodzaza popanda mdima m'mbali. Yesaninso mutakhala pansi, zigongono zili pa maondo, popeza pamenepo mfuti imayandikira nkhope. Onaninso kuti chala chachikulu chikufika pa hamala, kachitsulo kamene mumakokera kumbuyo musanaombe, popanda kupanikizika ndi galasi la kumbuyo.

Kuti kamtanda ka m'galasi kawongoke, mangani mwala ku chingwe, chilendewere panthambi mamita 10 kuchokera pamene muli, ikani mfuti chilili pa thumba la mchenga, ndi kupotoza sikopu mpaka mzere woimirira ugone pa chingwecho. Mukatero mangani timabawuti ta mphete mosinthanitsa, pang'ono uku pang'ono uko, kuti mpata wa pakati pa mbali ziwiri za mphete ukhale wofanana kumanja ndi kumanzere. Mafakitale ambiri amalemba mphamvu yomangira ya 15 mpaka 18 inch-pounds pa timabawuti timeneti, pafupifupi 2 Nm. Chenjerani, inch-pound si foot-pound ya amakanika a galimoto, imene ndi yaikulu kuwirikiza ka 12. Kumanga mopitirira kumafinya thunthu ndi kuononga zam'kati. Ngati mulibe sipanala yoyezera mphamvu, gwirani Allen key ku mbali yake yaifupi ndi zala ziwiri.

Pomaliza lembani kamzere ka pensulo pa thunthu la sikopu, m'mphepete mwenimweni mwa mphete. Kamzereko kakabisika kapena kakatalikira, sikopu yasuntha.

Kuyesa pa chandamale

Ombani pamalo ololedwa, kumbuyo kwa chandamale kuli chulu chachikulu kapena khoma la dothi, kutali ndi midzi, njira ndi ziweto. Valani zotseka makutu ndi magalasi oteteza maso. Pakati pa silinda ndi mpope pali kampata kamene kamalavula moto ndi tizidutswa ta mtovu m'mbali, ndipo pa zipolopolo zamphamvu motowo ungadule chala. Dzanja lililonse likhale kumbuyo kwa kutsogolo kwa silinda, ndipo pasaime munthu pambali panu. Tsamiritsani manja pa thumba la mchenga, osati mpope pa thabwa kapena mwala. Ngati munasewenzetsa laser yolowetsa mumpope poyambira, ichotseni musanaike chipolopolo.

Yambani pa mamita 15 ndi katoni yaikulu kuti muone kumene zikugwera. Ombani katatu, pezani pakati pa mabowo atatuwo, ndipo muwongole kuchokera pamenepo. Musathamangitse bowo limodzi. Pa chopotokola palembedwa kukula kwa kudina kumodzi. Ngati ndi 1/4 MOA, kudina kumodzi kumasuntha chipolopolo mamilimita 7 pa mamita 100, mamilimita 3.6 pa mamita 50, ndi osakwana 2 pa mamita 25. Ndiye ngati pa mamita 25 mwatsika ndi masentimita 5, mufunika kudina pafupifupi ka 28 kupita ku UP. Ambiri amadina kanayi, n'kuona kuti palibe chasintha, n'kuyamba kunena kuti sikopu ndi yakufa. Ma red dot ambiri amasuntha 1 MOA pa kudina kumodzi, ndiye pamenepo kasanu ndi kawiri kakwana.

Malizani pa mamita 50, ndi zipolopolo zomwezo zimene mudzasakire. Volovolo imayamba kudzuka chipolopolo chikali mumpope, choncho cholemera ndi chochedwa chimagwera m'mwamba kuposa chopepuka pa mtunda waufupi, ndipo kagwiridwe kolimba kapena kofooka kamasinthanso pogwera. Gwirani mofanana nthawi zonse. Chipolopolo cha .44 Magnum cholemera 240 grain cholunjikidwa pa mamita 50 chimakhala chitatsika masentimita oposa 10 pofika pa mamita 100. Galasi limakuonetsani nyama ili patali, koma siliwonjezera mphamvu ya chipolopolo kapena kulimbitsa manja. Khomani mbale ya pepala ya masentimita 20, ombani kasanu ndi kamodzi mutakhala monga m'tchire, osati patebulo. Mtunda umene zonse zimalowa m'mbale ndiwo malire anu pa nswala kapena njiri.

Kusamala

Mu Okutobala kuchigwa kwa Luangwa kutentha kumafika 40°C ndi kuposa. Musasiye mfuti m'galimoto yotseka, ndipo muziyenda ndi batire lina la red dot. Zambiri zimasewenzetsa CR2032. Galasi la kutsogolo likakhala pafupi ndi kampata ka silinda limadetsedwa ndi utsi. Uzirani fumbi kaye, kenaka pukutani ndi kansalu ka magalasi. Malaya okhala ndi mchenga amakanda. Nthawi ya mvula pukutani mphete ndi kanjanji ndi kuzipaka mafuta pang'ono, osafika pagalasi.

Mukayenda misewu yafumbi ya ku Malama kapena ku Chitungulu, yanganani kamzere ka pensulo, yesani timabawuti, ndipo ombani kawiri kapena katatu pa chandamale musanalowe m'tchire. Tsiku limene mudzachotse kanjanji n'kubwezera cholunjikira chachitsulo, nachonso chiyesedwe mwatsopano pa mamita 25.