Kukaphunzitsa Chingerezi ku South Korea: poyambira

Mwafunsa kuti munthu amayambira pati akafuna kukaphunzitsa Chingerezi m'sukulu zaboma ku South Korea kudzera mu pulogalamu ya boma la dzikolo yotchedwa EPIK (English Program in Korea).

Choyamba, onani pasipoti yanu. Viza ya E-2 ya aphunzitsi a Chingerezi imaperekedwa makamaka kwa nzika za mayiko 7: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Malawi ndi Zambia mulibe m'gululi, ngakhale Chingerezi chanu chitathyakuka bwanji. Ena amagwa pomwepa atalipira kale maphunziro a uphunzitsi wa Chingerezi, ndalama n'kupita pachabe.

Ngati pasipoti ikulola, konzani digiri yanu ndi satifiketi ya TEFL (maphunziro a kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a zilankhulo zina) ya maola osachepera 100.

Kenako katengeni kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndipo iyo pamodzi ndi digiri zikadindidwe chidindo cha apostille, chotsimikizira mayiko ena kuti mapepalawo ndi enieni. Ku South Africa chimadindidwa ndi DIRCO, unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Yambani msanga, mapepalawa amachedwa.

Mukatero tumizani fomu ndi makalata awiri okuchitirani umboni, mudikire intavyu ya pa intaneti. A EPIK amalemba aphunzitsi ntchito kawiri pachaka, ntchito n'kuyamba cha mu Malichi kapena Seputembala. Mukangofika amakuyezani kuchipatala, kuphatikizapo mankhwala ozunguza bongo.