Lekani kuyanika matabwa aawisi padzuwa

Chaka chino ndaona matabwa ong'aluka ambiri zedi, ndipo kulikonse kumene ndapita vuto lake ndi limodzi lomwelo. Munthu wagwetsa mitengo imene wailera zaka 15 kapena 20, wacheketsa, kenako matabwa aja wawatsamiritsa pakhoma ali chiimire, dzuwa likuwaomba tsiku lonse. Akuti aume msanga. Pakatha masabata atatu nsonga zayasama, ena apindika ngati uta, ena apotoka moti sangagone pansi. Ndiye kubwera kudzandifunsa ngati mbewu ya mitengoyo inali yoipa. Mitengo ilibe mlandu, abale anga. Mlandu uli pa kayanikidwe.

Thabwa si chovala choti m'mawa mwayanika, madzulo mwanula. Likangochoka pa sowo limakhala lodzaza madzi, ndipo mumitengo ina monga paini madziwo amatha kulemera mofanana ndi mtengo weniweniwo, mwinanso kuposa. Oyamba kuchoka ndi madzi amene amangokhala m'timibowo ta mtengo, ndipo akamachoka amenewa thabwa silisintha kukula kwake. Kunyala kumayamba chinyezi chikatsika kufika cha pa 30 peresenti, pamene madzi ayamba kutuluka m'minofu ya mtengo. Tsono padzuwa, kunja kwa thabwa kumafika pamenepo m'masiku ochepa, m'kati mudakali chinyowere. Kunja kukufuna kunyala, m'kati mukukana, ndipo kogonja ndi kunjako: kumang'ambika. Kunsonga ndiye kumanyanya, chifukwa madzi amathawira kumeneko mofulumira kakhumi kapena kuposerapo poyerekeza ndi m'mbali. Mbali yoyang'ana dzuwa imanyalanso isanatero inzake yoyang'ana khoma, n'chifukwa chake thabwa limapinda msana.

Tawerengani nokha zomwe mukutaya. Thabwa la mamita 3 likang'aluka masentimita 30 uku ndi uku, mukadula zowonongekazo mwataya gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa matabwa 100, ndiye kuti 20 mwachekera pachabe. Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi matabwa amene sanang'aluke, ooneka ouma bwino pamwamba pomwe m'kati muli madzi. Kalipentala amagula, n'kupala, n'kukhoma chitseko kapena tebulo. Thabwa lija limapitiriza kuuma lili kale m'nyumba mwa munthu. Zolumikizira zimamasuka, mipata imatseguka, ndipo kalipentala uja sabweranso kwa inu. Amauzanso anzake.

Bambo wina wachikulire amene ali ndi munda wa bulugamu ndinakambirana naye nkhaniyi matabwa ake ali pakhoma. Anandiyankha kuti, "Alangizi, bambo anga ankaumitsa chonchi, ine ndakulira momwemu." Mawu amenewa ndawamva mpaka makutu kuwawa. Patatha miyezi iwiri anandiitana yekha kuti ndikaone chitseko chimene anakhometsera mwana wawo. Pakati pa matabwa awiri panali mpata woti chala changa chaching'ono chinalowa, ndipo loko sinkagwiranso. Anangopukusa mutu, n'kunena kuti, "Koma linali louma, ndinaligogoda ndekha." Kugogoda kumakuuzani za kunja kokha.

Nditawauza kuti mafakitale ena amaumitsa matabwa ndi nthunzi, anaseka, amvekere nthunzi ndi madzi, ingaumitse bwanji chinthu? Madzi amawira pa madigiri 100. Nthunzi yake mukaitenthetsanso kupitirira pamenepo imakhala youma, yaludzu, yotha kulandira madzi ena. Amaizunguliza ndi mafani m'uvuni wotsekeka bwino pa madigiri 110 kapena 120, kutentha kumalowa mpaka pakati pa thabwa, madzi a m'katimo amawira n'kudzikankha okha kutuluka. Kutentha ndi chinyezi zimafewetsanso mtengo moti umalolera m'malo mong'ambika, ndipo pamwamba pa mulu amatsindikapo zolemera kuti matabwa aume ali owongoka. Paini amene akanatenga miyezi amauma m'tsiku limodzi kapena masiku ochepa, tizilombo ndi chuku zonse zitafa. Popeza m'uvunimo mumakhala mulibe mpweya wambiri woyatsa moto, ngozi ya moto imachepanso. Pa mitengo yosapirira kutentha amapopa mpweya kuuchotsa m'uvunimo kuti madzi awire asanafike madigiri 100. Bulugamu ndiye wovuta mwapadera: mukamutenthetsa ali muwisi amafwapa, thabwa n'kukhala ndi migula, choncho amayamba amuumitsa pang'onopang'ono, kenako n'kumufukiza nthunzi kuti abwerere m'malo. Ngakhale mauvuni wamba a mpweya wotentha amayamba ndi kutentha kochepa ndi chinyezi chambiri, n'kumakweza mwapang'onopang'ono. Taonani, anthu a makina, amene ali ndi changu kuposa ife, ndi amene amasamala kwambiri kuti kunja kusaume kusiya m'kati. Nanga inu mukapereka thabwa kudzuwa lamasana, ndani akuyang'anira?

Makina amenewa ambirife sitingawakwanitse, koma mthunzi tili nawo. Sanjani matabwa chogona pansi pa denga, m'mbali muli motseguka kuti mphepo izidutsa. Poyambira pakhale pokwera masentimita 40 kuchoka pansi ndiponso posalala, chifukwa maziko opendekeka amabala matabwa opendekeka. Pakati pa mzere ndi mzere ikani timatabwa touma topingasa, tochindikala masentimita 2 kapena 2.5, totalikirana theka la mita, kalikonse kalunjike pamwamba pa kanzake, ndipo komalizira kakhale kunsonga kwenikweni. Nsongazo pakani penti wa mafuta kapena phula tsiku lomwelo mwacheka, osati mawa. Pamwamba tsindikani ndi zolemera. Paini musamuunjike wopanda timatabwa ngakhale kwa masiku ochepa, amachita mathothomathotho abuluu amene sachoka ndi kupala.

Za nthawi musandifunse tsiku. Paini wopyapyala amatha m'miyezi yochepa, koma mitengo yolimba yochindikala masentimita 2.5 ikhoza kudya chaka malo ozizira. Ngati mulibe kachipangizo koyezera chinyezi, sankhani thabwa limodzi la pakati pa mulu, muzilipima pa sikelo sabata iliyonse n'kulemba. Kulemera kukasiya kutsika, lafika pamene mphepo ingalifikitse, nthawi zambiri pakati pa 12 ndi 20 peresenti. Pa thabwa lokhomera denga zimenezo zakwana. La mipando ndi zitseko limafuna kutsika kufika 12 kapena kucheperapo, choncho lilowetseni m'chipinda chouma masabata ena angapo musanapereke kwa kalipentala.