Mmene nduna ya zaulimi ndi zachilengedwe ingayendetsere chaka chake choyamba

Mukangolumbira, funsani tsiku limene alimi ambiri amadzala, mulilembe poonekera. Ntchito zonse za undunawu muziziwerengera chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsikulo, chifukwa mvula siyembekezera siginecha ya munthu.

Yambani ndi feteleza ndi mbewu. Feteleza wochokera kunja amadya nthawi: kuitana makampani kuti apikisane, kusaina kontirakiti, kupeza ndalama zakunja, ulendo wa pa sitima, kenako malole opita kumadera. Yesetsani kuti kontirakiti isainidwe kutatsala miyezi 6. Chimene chimasokoneza nthawi zambiri n'chakuti aphungu amavomereza bajeti, koma unduna wa zachuma umatulutsa ndalamazo pang'onopang'ono. Kambiranani ndi nduna inzanu ya zachuma msanga kuti ndalama za zipangizo zituluke koyambirira. Feteleza wokulitsa amathiridwa podzala kapena mbewu zikangomera. Akafika patatha mwezi, boma lalipira zonse koma mlimi wapindula pang'ono.

Mlembi wamkulu ndiye amayankha za ndalama za unduna, inu mumapereka mfundo. Musasankhe kampani, musaimbire foni komiti yogula katundu, ndipo lamulo lililonse lokhudza ndalama lizikhala lolembedwa. Nduna zambiri zimagwera pamenepa.

Pomenyera bajeti, mayiko a mu Africa ali ndi poimira. Ku Maputo mu 2003 atsogoleri analonjeza kupereka 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, ndipo anabwerezanso lonjezolo ku Malabo, m'dziko la Equatorial Guinea, mu 2014. Koma yang'anani kumene ndalamazo zikupita. Zonse zikathera ku zipangizo zotsika mtengo, alangizi amasowa mafuta a njinga zamoto, kafukufuku amaima, katemera wa ziweto amasowa. Mlangizi ndiye amayamba kuona ntchemberezandonda za mtundu watsopano (fall armyworm), mbozi zimene zinapezeka mu Africa koyamba mu 2016, zikadali zing'onozing'ono, pamene mankhwala amagwira bwino.

Nkhokwe za boma musamazidziwire pa lipoti pokha. Pitani osalengeza, tsegulitsani matumba a pansi ndi a pakati, pisani dzanja, nunkhizani. Chimanga chosunga chisapitirire chinyezi cha 13 peresenti, apo ayi chimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Onaninso denga, mapaleti ndi buku lolemba masiku othira mankhwala a anankafumbwe.

Chovuta kwenikweni n'chakuti mbali ziwiri za unduna wanu zimakokana. A mthirira amafuna madzi ndi madambo, a zachilengedwe amafuna kuteteza magwero a mitsinje. Onse ndi anu, ndipo mukatsamira mbali ya zokolola zokha, nthaka imakokoloka, madamu amadzadza mchenga. Lamulani kuti lipoti lounika mmene ntchito idzakhudzire chilengedwe lithe thalakitala isanalowe pamalo, ndipo akatswiri olivomereza asakhale pansi pa amene akufuna ntchitoyo.

Pangano la ku Paris la 2015 limafuna kuti dziko lililonse lizipereka ndondomeko yake yatsopano yolimbana ndi kusintha kwa nyengo zaka zisanu zilizonse. Funsani kuti yotsatira ikufunika liti, ndipo ziwerengero za nkhalango ndi za minda zimene zidzalowemo zifanane ndi zimene mudzawerenge pamaso pa aphungu.