Okonza makompyuta pakhomo, musathamangire kutchula mtengo

Inu amene mwayamba kukonza makompyuta pakhomo kuno ku Mulanje, musamatchule mtengo makina musanawatsegule. Munthu akabwera ndi laputopu n'kunena kuti "yangozima yokha", muuzeni kuti pali ndalama yofufuzira vuto, ndipo imeneyo imalipidwa ngakhale asinthe maganizo. Akavomera kuti muikonze, ndalamayo muichotsere pa mtengo wonse.

Pa zipangizo ndiye pofunika kusamala kwambiri. Sikirini, batire ndi kiyibodi nthawi zambiri timakazigula ku Limbe kapena ku Blantyre, ndipo mitengo yake imatsatira dola. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mwezi watha si woudalira. Imbani kaye foni mumve mtengo wa lero, muwonjezere ya minibasi popita ndi pobwera, kenako ya ntchito yanu payokha. Kasitomala alipiretu ya chipangizo, kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, musanakwere galimoto pa Chitakale. Ndalama zanu zikamangika m'sikirini ya munthu amene sakubweranso, bizinesi imaima.

Chinyezi cha chiperoni chimawononga makina pang'onopang'ono. Mukatsegula mumapeza zobiriwira pa RAM (kachipangizo kosunga zinthu kwakanthawi kompyuta ikamagwira ntchito) kapena polowera chaja. Pukutani ndi isopropyl alcohol (spiriti yotsukira zipangizo zamagetsi) ndi mswachi wofewa, ziume bwinobwino, musafulumire kunena kuti bolodi yaikulu yolumikiza zipangizo zonse yafa.

Musanafufute Windows, funsani za mafayilo. Aphunzitsi ndi akalaliki a m'maesiteti a tiyi amasungamo ntchito ya chaka chonse. Kusamutsa mafayilo nayonso ndi ntchito, ikhale ndi mtengo wake, ndipo nambala ya makina muzilemba m'kope mwiniwake akuona.